Zombo za Mizinga

Lero ticoke m'dziko lathu lopanda nyanja yamcere, tipite ku doko la Portsmouth ku England, m'caka ca 1906.

M'caka cimeneco Angerezi anatsitsira m'madzi combo cankhondo cochedwa Dreadnought, dzina lotanthauza kuti cosaopa kanthu. M'litali mwake cinali mamita 160, ndiye kuti bwalo la mpira limodzi ndi theka. M'nthiti mwake anacikuta ndi citsulo cocindikala masentimita 28. Cinanyamula mizinga ikuluikulu 10, ndipo cipolopolo cimodzi cinali kulemera makilogalamu 385, pafupifupi matumba 8 a cimanga, aja a makilogalamu 50.

Tsono mvetsetsani apa, ana inu, pakuti ndipo pagona nkhani. Zombo zakale zinali ndi mizinga yaikulu 4 yokha, ndi ina yambiri yoceperapo. Poombera mdani amene ali kutali, asilikali anali kupenya pamene cipolopolo cagwera ndi kukhavula madzi, ndipo potero anali kudziwa ngati ayenera kukweza mzinga kapena kuutsitsa. Koma mizinga ikakhala yosiyana misinkhu, ndani angadziwe kuti madzi awa wawakhavula ndi mzinga uti? Mkulu wa asilikali a pamadzi, John Fisher, anaumirira kuti mizinga yaikulu yonse ikhale ya msinkhu umodzi. Anafunanso liwiro, ndipo comboco cinali kuthamanga makilomita 39 pa ola, kuposa zinzake zonse za mtundu wake.

Nzeru imeneyi inapweteka eni ake omwe. Zombo zonse zakale zinasanduka zacabecabe pamaso pa Dreadnought, ndipo amene anali nazo zambiri anali Angerezi. Majeremani anaona kuti mpikisano wayambanso poyambira, nayamba kupanga zao. Maiko awiriwa anathira cuma cosaneneka m'zitsulo zoyandama.

Nanga Dreadnought mwini wake anamenya nkhondo yotani? Mudzaseka. Mizinga yake yoopsa ija siinamize combo ca mdani ngakhale cimodzi. M'mwezi wa Marichi 1915 anamiza sitima ya Majeremani yoyenda pansi pa madzi, yochedwa U-29, ndipo anaimiza mwa kuigunda ndi mphuno, monga icita nkhosa yamphongo. Pa nkhondo yaikulu ya Jutland, pa 31 Meyi 1916, iye kunalibe. Kumeneko zombo pafupifupi 250 zinakomana. Angerezi anataya zombo 14 ndi amuna oposa 6,000. Majeremani anataya zombo 11 ndi amuna oposa 2,500. Onse anati tapambana ndife. Komabe zombo za Majeremani zinabwerera kukabisala m'madoko, ndipo Angerezi anapitiriza kutseka njira za m'nyanja, kotero kuti cakudya cinacepa kwambiri ku Germany. Ine ndiyesa kuti nchito yeniyeni ya zombozi inali imeneyi: kukhala pakhomo ngati galu waukali, kuti mdani asatuluke.

Cimene cinazigwetsa cinadzera kumwamba. Pa 10 Disembala 1941, zombo ziwiri za Angerezi, Prince of Wales ndi Repulse, zinali pa nyanja kufupi ndi Malaya, popanda ndege zoziteteza. Prince of Wales cinali catsopano, cosakwanitsa ngakhale caka pa nchito. Ndege za Ajapani zinadza magulumagulu, zikuponya mabomba, ena ocokera m'mwamba, ena oyenda m'madzi okaboola combo kunsi kumene citsulo ncopepuka. Mizinga ikuluikulu inapangidwira kuombera zombo zinzake, ndege siinazithe. Pasanathe maola atatu zonse ziwiri zinali pansi pa nyanja, pamodzi ndi amuna 840 ndi mtsogoleri wao, Tom Phillips. Ambiri a iwo anali anyamata, osiya amai ao kumudzi.

Ajapani naonso analawa zomwezo. Combo cao Yamato, ca mamita 263, cimene mizinga yake inaposa ya zombo zonse za maiko ena, cinamizidwa ndi ndege za Amereka pa 7 Epulo 1945, ndipo amuna pafupifupi 3,000 anafera momwemo. Pa 2 Seputembala caka comweco Ajapani anasaina kugonja kwao pa combo ca Amereka cochedwa Missouri. Combo cimeneci cinaombanso mizinga yake mu 1991 pa nkhondo ya ku Gulf, koma tsopano cinamangidwa pa doko la Pearl Harbor, ndipo alendo amalipira kuti akwere kukaciona. Palibenso dziko limene lili ndi combo ca mtundu umenewu pa nchito.

Aphunzitsi, phunziro likatha tulukani ndi ana pabwalo. Pimani mamita 160 ndi cingwe, muimike mwana mmodzi kumutu, wina kumcira. Kenaka muonjezere mamita 103 kuti akwane a Yamato. Mufunse wa kumutu aitane mnzake ndi dzina, muone ngati adzamva.