KAWERENGEDWE KA KUTENTHA M'NYUMBA ZAZIKURU

Mau olankhulidwa kwa alimi

Mwezi wa Okutobala ukafika, nyumba zamalata zisanduka ng'anjo. M'cigwa ca Luangwa kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo ngakhale kumtunda kwa Chipata nkhuku za m'khola ziwefuka, zicepetsa kuikira, zina nkufa ndithu. M'mizinda anthu aika makina oziziritsa mpweya m'nyumba za misonkhano ndi m'masitolo. Makina otere anayamba m'caka ca 1902, pamene Willis Carrier anawakonzera nyumba yosindikizira ku Brooklyn, m'dziko la America. Koma mmisiri sagula makina asanawerenge kutentha kumene ayenera kucotsa, ndipo kawerengedwe kace kali ndi phunziro kwa mlimi.

Muyeso wa kutenthako uchedwa wati. Coyamba mmisiri awerenga anthu. Munthu wongokhala pansi aturutsa mawati ngati 100. Cotero anthu 350 m'nyumba imodzi aturutsa mawati 35,000. Mphamvu ya makina ayesa m'matani. Tani imodzi ndiyo kutentha kumene kungasungunule tani ya madzi oundana pa usana umodzi ndi usiku wace, ndiko kuti mawati ngati 3,500. Motero anthu aja okha afuna makina a matani 10.

Pamenepo aonjeza nyali za magetsi, pakuti mawati onse a nyali asanduka kutentha. Aonjezanso dzuwa, limene pakati pa usana litsanulira mawati pafupifupi 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Gawo lace lilowa pa denga, pa zipupa ndi pa mazenera, makamaka oyang'ana kumadzulo. Potsiriza awerenga mpweya wakunja, wotentha ndi wacinyezi, umene uyenera kulowa kuti anthu apume bwino. Zonsezi aziwerengera pa nthawi yotentha koposa, dzuwa litapendeka. Makina ocepa agwira nchito tsiku lonse osaziziritsa. Okulitsa aononga ndalama, ndipo popeza azima msanga, asiya cinyezi m'nyumba.

Mlimi woweta nkhuku angathe kuwerenga cimodzimodzi. Thadzi lalikuru lituritsa mawati ngati 10, kotero nkhuku 1,000 zitenthetsa khola monga anthu 100, usana ndi usiku. Ndipo nkhuku sicita thukuta monga munthu. Makina ndi odula kwa iye, koma angathe kucepetsa ciwerengerocho ndi manja ace. Khola likhale lalitali kucokera kum'mawa kunka kumadzulo, kuti dzuwa lisalase m'mbali zace zazitali. M'mbalimo mukhale waya kuti mphepo ipite. Denga likhale la udzu, kapena malata apakidwe njereza. Nkhuku zisapanikizane m'nyengo yotentha, ndipo madzi ozizira asasowe.

Mlimi amene awerenga zimenezi asanamange khola adzatola mazira ngakhale m'mwezi wa Okutobala.