MAU A WAPAMPANDO PA MSONKHANO WA NTHAMBI: ZA MAGETSI



Nkhani yanga ndi ya magetsi. Makina a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba kupanga magetsi m'chaka cha 1966. Makanda obadwa chaka chimenecho lero ali ndi zidzukulu, koma kuno kwathu tikuunikirabe koloboyi, ndipo foni timakatchajitsa kwa mwini sola, molipira. M'chaka cha 2022 namondwe ataononga Kapichira, anzathu a m'tauni analira ndi mdima. Ife mdima umenewo ngwa masiku onse.

Tsono ena akuti, "Musafunse, mungaoneke oukira." Iai, abale anga! Kale munthu ankanong'ona ngakhale m'nyumba yake yomwe. Pa 14 June 1993 tinaponya voti kuti mantha amenewo athe. Mwana wosalira amafera kumsana.

Ofuna mavoti akafika, tiwalandire mwaulemu, tiwapatse mpando, ndipo tiwafunse: kodi mawaya afika liti pa chipatala ndi pa sukulu pathu? Yankho lawo alembi athu alilembe m'buku la nthambi, ndi tsiku lomwe. Akadzabweranso tidzawawerengera.