Mau a Dotolo pa za Mabanja Osowa Mphatso ya Ana

Pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe umene unachitikira ku Bangula, a Dotolo a za uchembere anapemphedwa kulankhula pa nkhani imene yapasula mabanja ambiri m'chigwa cha Shire, ndiyo kusowa kwa mphatso ya ana. Mau ao alembedwa pano mwachidule kuti mamembala amene sanafike amve nawo.

A Dotolo anayamba ndi kunena kuti banja liyenera kufuna thandizo pamene mwamuna ndi mkazi akhalira pamodzi miyezi 12, osachita za kulera, koma mimba osaoneka. Bvutoli si la kuno kokha iai, pakuti m'chaka cha 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti mwa anthu akuluakulu 6 ali onse pa dziko lapansi, mmodzi amakomana nalo pa moyo wache. Ndipo pafupifupi theka la mabanja otere chifukwa chache chimapezeka kwa mwamuna, kapena kwa onse awiri. Koma m'midzi wotchedwa chumba ndiye mkazi. Iye ndiye amamwa mizu, natemedwa mphini, nayenda yekha ku chipatala, mwamuna ali pa bawo. Ndipo kumene akwatira ndi chuma, abale a mwamuna amayamba kuwerenga ng'ombe zao.

Thandizo la chipatala lilipo. Madotolo amapima mbeu ya mwamuna, naona ngati njira za mazira a mkazi zili zotseguka. Alipo mankhwala, monga clomiphene, othandiza dzira kukhwima. Ndipo chiyambire 1978, pamene Louise Brown anabadwa ku Oldham m'dziko la England, nchotheka kukomaniza dzira ndi mbeu kunja kwa thupi ndi kubwezera m'chiberekero, ngakhale mtengo wache ngwaukulu. Koma mlimi safesa thonje m'munda wosasosa. Momwemonso mankhwala sapindula kwenikweni m'thupi limene mwini wache akuliononga tsiku ndi tsiku. Tsono a Dotolo anatchula makhalidwe asanu oyenera kukonzedwa.

Choyamba ndi madzi. Anthu a ku Bangula ndi ku Chiromo amasamba, amachapa ndi kuwedza m'madzi odikha a dambo la Elephant Marsh, mmene muli nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Ambiri ayesa kuti likodzo ndi kukodza magazi kokha, koma mazira a tizilomboto amakhazikikanso m'chiberekero, m'njira za mazira ndi m'ziwalo za mwamuna, nasiya zipsera zimene zikhoza kutseka njirazo. Mankhwala a praziquantel amapha tizilombo, koma chipsera chakale sachifafaniza, ndipo wobwerera m'madzi omwewo amadwalanso. Msodzi sangaleke nchito yache, koma akhoza kumwa mankhwalawo pa nthawi yache, ndipo a m'nyumba mwache asambe ndi kuchapa ndi madzi a pa mjigo.

Chachiwiri ndi nthenda zotengana pa mphasa, makamaka chinzonono ndi ina yofanana nacho yotchedwa chlamydia. Mwamuna akagula makapisozi awiri kumsika, naona kuti ululu waleka, amati wachira, osauza mkazi wache. Pamenepo nthenda imalowa mwa mkaziyo mwakachetechete, nitseka njira za mazira. Onse awiri ayenera kuchizidwa pamodzi ndi kutsiriza mankhwala onse. A Dotolo anachenjezanso za mwambo wolowetsa fisi m'nyumba kuti abereke m'malo mwa mwini nyumba, chifukwa fisiyo akhoza kusiya HIV pamene anafuna kusiya mwana.

Chachitatu ndi fodya, chamba ndi kachasu. Fodya amafoketsa mbeu ya mwamuna, ndipo mwa mkazi amafulumiza kutha kwa mazira, kotero kuti ngakhale m'zipatala zazikulu za ku Ulaya wosuta sapeza mwai wofanana ndi wa mnzache wosasuta. Kuledzera kumachepetsa mbeu ndi mphamvu yomwe. Apa amuna anapemphedwa kusunga chiwerengero ichi: mbeu imatenga masiku ngati 74 kuti ipangike. Choncho munthu woleka kachasu lero asayembekeze kusintha mawa, koma apirire miyezi 3, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachinai ndi kutentha ndi mankhwala a m'munda. Ziwalo zopanga mbeu zimafuna kuzizirirapo kuposa thupi lonse, ndipo malungo aakulu amagwetsa mbeu kwa milungu ingapo. Chifukwa chache banja ligone m'masikito. M'chaka cha 1977 amuna ogwira nchito m'fakitale ya mankhwala a tizilombo otchedwa DBCP ku California anapezeka kuti aleka kubereka. Si mankhwala onse ali otero, komabe wopopera thonje abvale zotchinga thupi lonse, asasakanize ndi manja, ndipo asambe ndi sopo asanadye nsima.

Chachisanu ndi nthawi. Dzira limakhwima kamodzi pamwezi, masiku ngati 14 mkazi asanasambenso, ndipo masiku oyenera kuima ali ngati 6 okha. Mwamuna wokhala ku minda ya nzimbe ku Nchalo, kapena ku Joni, wofika kwao mwa apo ndi apo, asadabwe mphatso ikachedwa. Ndiponso mkazi akapitirira zaka 35 mazira ache amachepa msanga. Woteroyo asadikire chaka, koma apite ku chipatala itatha miyezi 6. Zaka zotayika pa kuyendayenda kwa asing'anga ndi pa milandu ya ankhoswe sizibwerera. Mkazi woonda kwambiri kapena wonenepa kopitirira amasokonezeka kusamba kwache, chotero nsomba, nyemba, masamba ndi mapira zisasowe pakhomo.

Pa nthawi ya mafunso, bambo wina wachikulire anafunsa ngati si chamanyazi kuti mwamuna apimidwe. A Dotolo anayankha mwaulemu kuti mphamvu ya kukhala malo amodzi ndi mphamvu ya kubereka nzosiyana, ndipo kupima mwamuna nkwapafupi ndi kosapweteka kuposa kupima mkazi. Nchifukwa chache chipatala chimafuna kuona mwamuna poyamba pomwe. Anaonjeza kuti alipo mabanja amene adzachita zonsezi koma osalandira mwana, ndipo otero sayenera kunyozedwa kapena kulekanitsidwa.

A Pampando anathokoza a Dotolo m'malo mwa onse. Msonkhano unabvomerezana kuti membala ali yense amene ali nkhoswe, akalandira dandaulo la banja losowa mwana, asayambe ndi kuweruza mkazi, koma aperekeze onse awiri ku chipatala chapafupi, kumene akhoza kuwatumiza ku Nsanje kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pakuti mutu umodzi susenza denga.