Mafuta a Pansi pa Nthaka

Lero m'pologalamu yathu ya zachilengedwe tikamba za mafuta okumbidwa pansi ndi gasi.

Mafutawa akamatuluka m'chitsime safanana ndi petulo amene mumamudziwa. Nthawi zambiri amakhala akuda bii, onanda, a fungo lamphamvu. Chiyambi chake ndi tizomera ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja timene tinafa kalekale n'kukwiririka m'matope. Kwa zaka mamiliyoni ambiri, kutentha kwa pansi ndi kulemera kwa miyala kunatisandutsa mafuta, ndipo pamene panatentha koposa panapangika gasi. N'chifukwa chake chitsime chikaphwa, chaphweratu.

Ku fakitale yoyenga amawatenthetsa mpaka agawikane. Kumwamba kumatuluka gasi wophikira ndi petulo, pakati palafini ndi dizilo, pansi pamatsala phula lomwe limaikidwa mumsewu. Chidebe cha pulasitiki nachonso chimachokera momwemo. Alimi mvetserani apa: feteleza wa urea amapangidwa kuchokera ku gasi. Gasi akakwera mtengo kunjako, thumba la feteleza limakwera, ndipo mapeto ake timawaonera m'mbale ya nsima.

Dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito migolo pafupifupi 100 miliyoni patsiku, ndipo mgolo umodzi ndi malita 159. Ife kuno tilibe chitsime. Mafuta athu amabwera pa sitima zapamadzi mpaka ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, kenako matanki amawanyamula ulendo wautali kudzafika kunkhokwe ngati za kampani ya mafuta ya NOCMA ku Matindi. Zonsezi timalipira ndi ndalama zakunja. Chathuchathu ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Chikwawa ndi ku Dwangwa, amene amasakanizidwa ndi petulo.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mitengo ya mafuta inakwera padziko lonse. Ndalama zakunja zitachepa, tinaona tokha mu Limbe muno: galimoto zikugona pamzere, akabaza akukankha njinga zawo zamoto, a chigayo atangokhala ndi zigubu zopanda kanthu. Mayi wa tomato naye anakweza mulu, chifukwa dengu lake limabwera pa dizilo.

Anansi athu a ku Mozambique anapeza gasi wambiri pansi pa nyanja ku Cabo Delgado, ndipo anayamba kugulitsa kunja mu 2022. Kwa ife, gasi wophikira akanapezeka motchipa, mitengo ya ku Michiru ikanapumako kwa ootcha makala.

Tsono adalaivala, zimitsani injini mukaima nthawi yaitali, ndipo matayala azikhala ndi mpweya wokwanira. Makolo, musasunge petulo m'zigubu m'nyumba mogona ana. Mafutawa amachokera kutali ndipo ndi otha. Tiwasamale.