Agogo sapita okha kuchipatala cha maso



Lero tikambirane za ntchito ya maso yomwe makalabu a Lions amagwira, komanso mbali yomwe ife tingagwirepo. Ambirife dzinali tinaliona pa chikwangwani. Ku Queens ku Blantyre kuli Lions Sight First Eye Hospital, ndipo ku Central ku Lilongwe chipatala cha maso chili ndi dzina lomweli. Bungweli linayambitsidwa mu 1917 ku Chicago ndi Melvin Jones, bambo wa bizinesi ya inshuwalansi. Mu 1925 Helen Keller, mayi yemwe sankaona komanso sankamva, analankhula pamsonkhano wawo waukulu n'kuwapempha kuti nkhondo yolimbana ndi kusaona aitenge ngati yawo. Kuchokera pamenepo, kulikonse komwe kuli kalabu ya Lions, maso ndi imodzi mwa ntchito zawo zazikulu. Mamembala ake salipidwa. Amasonkha okha ndalama, amapempha thandizo kwa akufuna kwabwino, amatolera magalasi, amakonza masiku oyeza maso. Amayi anayamba kulandiridwa ngati mamembala mu 1987, ndipo achinyamata a zaka 12 mpaka 30 ali ndi makalabu awo otchedwa Leo.

Tsopano bwanji nkhaniyi ikutikhudza ifeyo? Chifukwa cha ng'ala. Matendawa ndi amene amachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse, makamaka achikulire. M'kati mwa diso muli kagalasi koyera mbee komwe kuwala kumadutsamo. Munthu akamakula kagalasiko kamachita chifunga pang'onopang'ono, ndipo kwa odwala shuga zimatha kubwera msanga. Siziwawa, n'chifukwa chake pakhomo timangoti ndi ukalamba. Agogo amasiya kupita kutchalitchi, amasiya kuphika, kenako amangokhala pakhonde. Ndipo tinene zoona, amene amawagwira dzanja kupita kuchimbudzi ndi ndani? Nthawi zambiri ndi kamdzukulu kakakazi, komwe tsiku limenelo kanayenera kukhala m'kalasi.

Komatu ng'ala imachotsedwa. Adokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pa diso, amachotsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo kena kopanga. Kawirikawiri sipatha ngakhale ola limodzi, ndipo ambiri amayamba kuona akangowachotsa bandeji. Diso salichotsa ayi. Mphekesera imeneyo yasunga agogo ambiri mumdima.

Ndiye onani pomwe pali mpata. Kalabu ikhoza kupeza ndalama, madokotala akhoza kukonzeka, uthenga ukhoza kuikidwa pa Facebook. Koma agogo a ku Bangwe kapena ku Mtandire sali pa Facebook. Sangawoloke msewu okha, sangakwere minibasi okha, ndipo ena amaopa. Ntchito imene yatsala pamenepa ndi ya miyendo, ndipo sifuna digiri ya udokotala.

Choyamba ndi kuyenda khomo ndi khomo. Tidutse kaye kwa amfumu kapena kwa a HSA a m'deralo, chifukwa iwo amadziwa nyumba zomwe muli achikulire osaona bwino. Tikafika tipereke moni bwinobwino, tikhale pansi, tifotokoze modekha. Sife madokotala, tsono tisalonjeze kuti aliyense achira. Matenda ena a maso si ng'ala, ndipo woyeza yekha ndi amene anganene. Tiwakumbutsenso kuti asathire mankhwala azitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'maso, chifukwa zimenezi zimatha kuwononga diso lomwe likanapulumuka.

Chachiwiri ndi thiransipoti. Tiwerengere ndalama ya anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza, kupita ndi kubwera. Bajeti ikaiwala woperekeza, wodwalayo safika.

Chachitatu, chomwe ambiri amachithawa, ndi cha pambuyo pa opaleshoni. Pali mankhwala odonthezera m'maso omwe ayenera kuthiridwa pa nthawi yake kwa masabata angapo, ndi manja osamba. Pali tsiku lobwerera kukaonedwanso. Wina ayenera kuimba foni kapena kudutsa pakhomopo kukafunsa ngati diso lafiira kapena likuwawa, ndipo likatero abwerere kuchipatala msanga. Apa palibe kamera, palibe tisheti, koma ndi pomwe ntchito yonse imapulumukira kapena kuwonongekera.

Ndatchula kamera, ndiye ndinenepo. Agogo ali ndi bandeji kumaso si chithunzi cha pa sitetasi yanu. Muwapemphe kaye, muwauze komwe chithunzicho chikupita, ndipo akakana, foni ibwerere m'chikwama. Munthu amene sakuona sangadziwe n'komwe kuti mukumujambula, choncho udindo wonse uli pa inuyo.

Tsiku lokumbukira za maso padziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa October chaka chilichonse, ndipo nyengo imeneyi zochitika za maso zimachuluka. Tisadikire kuti atiitane. Tipite ku kalabu ya Lions kapena ya Leo yomwe tili nayo pafupi, tikafunse zomwe akonza, tikawauze kuti mbali ya khomo ndi khomo tigwira ndife.

Pepala likuzungulira. Lembani dzina lanu, dera lomwe mumakhala, ndi tsiku limodzi pa mwezi lomwe mungapezeke. Amene muli ndi wachikulire kunyumba yemwe wayamba kufufuza zinthu ndi manja, mundipeze tikamaliza, tiyambire kwa iyeyo.