Mgwirizano wa nyumba ukatha koma tikadali momwemo

Lero tikambe za lendi.

Ambiri a ife timachita lendi, kaya ku Area 47, Area 18, Falls kapena ku Area 3. Timasainira chaka chimodzi. Chakacho chikatha, pepala latsopano silibwera, ife tikupitiriza kulipira, alandilodi akupitiriza kulandira. Ndiye tsiku lina uthenga pa WhatsApp: lendi yakwera kuyambira mawa, apo ayi tulukani, mgwirizano wanu unatha kale. Izi zinachuluka ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Tamverani bwino apa. Lamulo la Registered Land Act la 1967 limati ngati nthawi ya mgwirizano yatha, inu mukadali m'nyumbamo, mwini nyumba n'kulandira lendi ya mwezi wotsatira, ndiye kuti wavomera kuti mukhalebe. Simuli wobisala m'nyumba ya eni. Mfundo za mgwirizano wakale zija zimapitirira, kuphatikizapo mtengo wa lendi, pokhapokha ngati munagwirizana zina.

Chomwe chimasintha ndi nthawi. Ngati lendi imawerengedwa pamwezi, mwakhala wa mwezi ndi mwezi. Akafuna kuti mutuluke, notisi yake isachepere mwezi wathunthu. Koma ifenso zikutikhudza: sitingangonyamula katundu usiku osapereka notisi, ndipo lendi tiyenera kulipirabe.

Tikudziwa zimene zimachitika kwa mtsikana wokhala yekha. Ena amaopsezedwa kuti asinthiridwa loko. Ena amauzidwa kuti “tikhoza kumvana mwanjira ina”. Kumeneko ndi kuzunza, ndipo Gender Equality Act ya 2013 imaletsa.

Ndiye tichite chiyani? Pepala lakale lija musataye, liwerengeninso, makamaka pomwe akunena za notisi ndi kukweza lendi. Lipirani m'njira yosiya umboni: kubanki, Airtel Money, Mpamba, kapena risiti yosainidwa. Kukatsala miyezi iwiri kuti chaka chithe, lembani uthenga wofunsa ngati mupitirize komanso pamtengo wanji. Mtengo watsopano mukavomera, ulembedwe.

Akakutsekerani panja kapena kukugwirani katundu, musalimbane nawo pakhomo. Jambulani zithunzi, sungani mauthenga onse, pitani ku Legal Aid Bureau kapena ku Women Lawyers Association.

Mukafika kunyumba lero, funani pepala lija. Mnzanu amene sanabwere, mutumizireni izi.