Maola 20 ndi chakudya cha mfumu

Atandipempha kuti pa chikondwerero chathuchi ndilankhule za kuwerenga Baibulo pawekha uli pasukulu, ndinafuna kukana, chifukwa nkhani yanga si yondikometsa. Koma poti ndi imene ndili nayo, ndinena yomweyo.

Nditafika kuno ku UK kudzachita masters, kuwerenga kwanga kunali kavesi kamodzi kamene foni imakuponyera m'mawa. Ndinkakameza ngati panado ndili m'basi, pofika m'kalasi nditaiwala.

Ambiri mukudziwa kuti viza ya wophunzira imalola maola 20 okha a ntchito pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ine ndinkagwira kunyumba yosamalira okalamba. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu kumudzi n'kukwera mtengo, foni yanga osapuma: fizi ya mng'ono wanga, feteleza wa amayi. Bwana wina anandinong'oneza kuti ndikhoza kuwonjezera mashifiti awiri ausiku, ndalama azindipatsa pamanja, osalemba paliponse. Ndinavomera. Ndinkadziuza kuti ndikulemekeza makolo monga mwa lamulo lachisanu. Paja munthu ukatsimikiza kulakwa, vesi lokuikira kumbuyo silisowa.

Sabata yachitatu, usiku, agogo onse atagona, ndinatsegula Buku Lopatulika limene amayi anandilongedzera m'chikwama, ndipo ndinawerenga Danieli 1. Mutu wonse, katatu, cholembera chili m'manja. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira ku Sande Sukulu, koma ndinali ndisanaonepo kuti Danieli anali mwana wa sukulu m'dziko la eni ngati ine. Anamutenga ku Yerusalemu kupita naye ku Babulo, maphunziro ake a zaka zitatu, chinenero chachilendo, mabuku achilendo. Dzina lomwe anamusintha. Ife amene maina athu amapotozedwa tsiku ndi tsiku mpaka timangoyankha, izi timazimvetsa.

Chimene chinandigwira n'chakuti sanakane zonse. Sukulu anaphunzira, ndipo anakhoza kuposa ena. Dzina lachilendo sitimva kuti analimbana nalo. Anakana chinthu chimodzi, chakudya ndi vinyo wa mfumu, ndipo ndime 8 ikuonetsa kuti anayamba watsimikiza mumtima asanatsegule pakamwa. Kakanidwe kakenso kanali kaulemu. Anapempha, anamva mantha a mkulu amene ankawayang'anira, kenako anati awayese masiku khumi ndi zamasamba ndi madzi basi.

M'kope langa ndinalemba funso limodzi: pa gome limene andiyalira kunoli, chimene sindiyenera kudya n'chiyani? Yankho linali m'thumba la jekete, mu envelopu. Sindinafunikire mneneri.

Pa ntchito yanga yolemba mapulogalamu a kompyuta, sungamvetse mzere umodzi usanaone imene ili pamwamba ndi pansi pake. Ukangoudula n'kukauika pena, umachita zimene mwini wake sanafune. Ndi zimene ndinkachita ndi Malemba. Kuyambira usiku umenewo ndimatenga mutu umodzi sabata yonse, poyamba m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, chifukwa pamene ziwirizi zikumveka mosiyana ndi pamene ndimaima n'kuganiza. Ndimalemba zimene zachitika m'nkhaniyo ndisanalembe zimene zikundikhudza. Masiku ena sinditolamo kanthu, ndimangolemba deti.

M'mawa mwake ndinawauza bwana aja kuti ndibwerera ku maola anga 20. Anangokweza mapewa, mashifitiwo n'kupatsa wina. Tsono pano ndisakunamizeni. Danieli ndi anzake atatha masiku khumi anaoneka onenepa kuposa anzawo. Ine sindinanenepe. Fizi inachedwa, mng'ono wanga anakhala pakhomo masabata awiri, ndipo mwezi wa Januwale ndinkawerenga nditavala jekete m'chipinda poopa bilu ya hita. Mpaka lero ndikaganiza za masabata awiri amenewo mtima umandipweteka, chifukwa amene analipira chisankho changa anali mwana amene sanafunsidwe n'komwe.

Chovuta koposa chinali kuimbira amayi. Ndinazungulira, kufunsa za mvula, za mbuzi, za maliro a kutsidya, mpaka iwo anati, "Mwanawe, nena chimene waimbira." Ndinawafotokozera zonse, za envelopu zomwe. Anakhala chete mpaka ndinayang'ana foni ngati yaduka. Kenako anati, "Ndiye akanakugwira n'kukubweza, fizi ya chaka chamawa akanalipira ndani? Tumiza imene uli nayo. Feteleza tithira thumba limodzi."

Chaka chimenecho anathiradi thumba limodzi.